Bwana Njiri Wolowa mu Ofesi Chafutambuyo

Padangokhala, ndipo ngati tili tonse khalani bwino mumve, panali Mfuko. Anali masiku amene nyama zinali ndi maudindo, zina mabwana, zina akapitawo, zina zongotumidwa. Mfuko ameneyu ndiye anayambitsa Kampani ya Mauna, imene ntchito yake inali kukumbira nyama zina mokhala. Mbewa akakwatira, ankapita kwa Mfuko. Kanyimbi akakangana ndi apongozi ake n'kufuna pakepake, ankapita kwa Mfuko. Maso a Mfuko anali ofooka chibadwire, koma makutu ake anali akuthwa, ndipo pa ntchito anali ndi lamulo limodzi losasinthika: una uliwonse ukhale ndi makomo awiri, lakutsogolo lolowera alendo, ndi lakumbuyo lothawira njoka ndi madzi.

Kampani itakula, anaiikira komiti. Wapampando wake anali a Nungu, mkulu wa minga yaitali, amene ankakonda zinthu ziwiri pa dziko lapansi: msonkhano woyamba pa nthawi yake, ndi kutamandidwa. Mlembi anali Khwangwala, amene anamusankha chifukwa cha kolala yoyera ija ya m'khosi mwake, osati chifukwa chodziwa kulemba.

Tsiku lina kunabwera Njiri kudzafuna ntchito. Atangofika pamaso pa komiti anapinda maondo n'kugwada, mphuno pansi.

"Taonani ulemu!" anatero a Nungu. "Ana a masiku ano amakupatsa moni manja ali m'thumba, koma uyu analeredwa."

"Wapampando," anatero Mfuko, "ine kuona sindiona bwino, koma ndikumva kutafuna."

"Akunong'ona mawu aulemu ameneyo. Mlembi, lembani kuti tapeza mesenjala."

Zoona zake n'zakuti Njiri ali ndi khosi lalifupi, ndipo akafuna kudya amayamba wagwada. Pamene komiti inakhala tsiku limenelo panali udzu wanthete. Koma a Nungu akanena chinthu mu msonkhano, chinali chanenedwa.

Njiri anazindikira msanga kuti maondo ake ndiwo chuma chake. Anagwadira Ng'azi, amene anali kapitawo, miyezi itatu. Mwezi wachinayi anakauza komiti kuti kapitawo amangoothera dzuwa pamwala nthawi ya ntchito. Ng'azi anachotsedwa, Njiri n'kukhala kapitawo. Anagwadira Msulu, amene anali manijala, miyezi ina itatu, kenaka anakauza komiti kuti manijala amaulula zinsinsi za kampani pocheza ndi abale ake ambirimbiri aja. Msulu anachotsedwa, Njiri n'kukhala manijala. Pa antchito onse, pamwamba pake panatsala Mfuko yekha, Bwana Mkulu.

Pa msonkhano wotsatira Njiri anagwada, nati, "Wapampando, ndi inu nonse makolo anga, ine ndine mwana, koma ndili ndi kamaganizo. Khomo lakumbuyo limadya masiku awiri a ntchito, koma palibe amene amalilipira. Tiyeni makomo onse akumbuyo tiwatseke. Komanso una umodzi ungathe kukhala mabanja atatu. Lina lizigona masana, lina usiku, lachitatu lizigona choimirira pakhomo. Onse azilipira mtengo wa una wathunthu."

"Nanga njoka ikalowa?" anafunsa Mfuko.

"Njoka ikalowa, bambo, ndiye kuti una watsala wopanda mwini. Tiugulitsanso."

A komiti anaomba m'manja.

"Ine ndikadali Bwana Mkulu, zimenezo sizichitika," anatero Mfuko.

Njiri anagwetsa nkhope ngati wamva chisoni. "Abambo athuwa timawakonda. Koma phindu angalione bwanji, poti saona chilichonse? Mlembi, takwezani phiko. Bambo, nthenga zimenezo ndi zingati?"

"Sindinakumbepo una ndi nthenga ine."

"Mwamva nokha, wapampando. Sakudziwa."

Tsiku lomwelo Mfuko anachotsedwa. Anamupatsa kalata yothokoza, imene sakanatha kuiwerenga, ndiponso imene Khwangwala sanathe kuilemba. Koma choipa chinali chisanabwere. Chikwangwani cha kampani chinali pakhomo pa una wa Mfuko, chifukwa ndi pomwe kampani inabadwira. Njiri anati pamene pali chikwangwani ndi pa ofesi, ndipo ofesi ndi ya Bwana Mkulu. Anatulutsa Mfuko ndi mkazi wake Nangondo, amene anali woyembekezera, nalamula antchito kukulitsa khomo lakutsogolo kuti thupi lake lizilowa. Anaikanso lamulo lakuti nthaka yonse ndi ya kampani, ndipo wopezeka akudzikumbira yekha una adzaperekedwa kwa Kabawi kuti amudye.

Motero mkulu amene anakumbira dziko lonse mokhala anakakhala pansi pa phale la mphika wosweka.

"Inu bambo," anatero Nangondo, "mitambo mwaiona?"

"Ndingaione bwanji mitambo ine?"

"Ndiye imvani mabingu. Ana a mfuko amabadwa opanda ubweya. Mvula ikatipeza pansi pa phale ili, kukumba mudzakumba ndithu, koma mudzakumba manda."

Mfuko anatafuna kamuzu. Kenaka anati, "Mayi, kodi khomo lathu lakumbuyo anatseka?"

Funso limeneli linali ndi chifukwa chake. Njiri ankadziwa njira imene iye anapezera mpando, choncho ankaopa kuti wina angabwere ndi njira yomweyo. Sankalola kufulatira khomo ngakhale kamphindi. Mu ofesi ankalowa chafutambuyo, matako patsogolo, maso ndi mano ake okhota aja zikuyang'ana kunja, ndipo ankakhala choncho tsiku lonse osacheuka. Analamula kuti antchito onse azilowanso chafutambuyo m'malo mwawo, poti bwana ndiye chitsanzo, moti Khwangwala ankagwa chagada m'mawa uliwonse. Zotsatira zake zinali zakuti Bwana Mkulu anali asanaonepo m'kati mwa ofesi yake. Anatseketsa makomo akumbuyo a dziko lonse, koma lake lomwe sankadziwa kuti lilipo.

M'mawa mwake, ofesi isanatsegulidwe, Mfuko anakathyola chitedze, nachikulunga m'masamba mosamala, n'kulowa nacho pa khomo lakumbuyo. Anachiyala pa mpando wadothi wa Bwana Mkulu, nabisala m'kanjira kake kumvetsera.

Posakhalitsa anamva Njiri akufika. Pakhomo analonjera antchito ndi mawu aulemu, koma thupi litangolowa mumdima, anayamba nyimbo yake ya m'mawa, imene ankaimba chapansipansi poganiza kuti kumbuyo kwake kuli dothi lokha. Nyimboyo inkayamba ndi kubuula katatu kwa pamphuno. Ndime iliyonse inkatchula amene anamugwadirapo, n'kufunsa kuti lero ali kuti, ndipo poyankha ankangoseka n'kubwerera m'mbuyo phazi limodzi. Ndime ya Ng'azi, phazi limodzi. Ndime ya Msulu, phazi lina. Ndime ya Mfuko inali yaitali, yonena za maso ndi phale. Ndime yomaliza inatchula a Nungu, ndipo pothera pake Njiri anadziponya pa mpando ndi thupi lonse, khu!

Kunali zii. Mfuko anadikira kulira.

"Aaa," anatero Njiri. "Eee. Pomwepo, pomwepo."

Chikopa cha Njiri n'chokhuthala ngati khungwa la mtengo. Chitedze chimene chimaliza amuna aakulu chinangomufika iye ngati dzanja lokanda bwino. Anadzigudubuza uku ndi uku, kenaka anakuwa osacheuka, "Mlembi! Ndani wayala zimenezi pa mpando wanga?"

Khwangwala anamvetsera kaye ngati mawuwo anali aukali kapena okondwa. "Ndine, bwana. Ndinaganizira msana wanu."

"Kuyambira lero ndiwe Mlembi Wamkulu. Lemba lamulo: una uliwonse tiziyalamo chitedze, ndipo okhalamo azilipira mwapadera."

"Nanga akadandaula kuti chikuyabwa, bwana?"

"Alipirenso kuti tichichotse."

Mfuko anabwerera ku phale makutu ali pansi.

"Munapita kukamulanga kapena kukamukanda?" anafunsa Nangondo.

"Khalani chete, mayi. Kumeneko kunali kuyesa chabe."

Tsiku lachiwiri Mfuko anatola ziwala zakufa, naziika mumzere kuchokera pa njira ya linthumbu, kudzera pa khomo lakumbuyo, mpaka pa mpando. Asilikali a linthumbu, motsogozedwa ndi Sajeni wawo, anatsata fungo gulu lonse, nadzaza mpandowo bii. Mfuko anabisala patali pang'ono, chifukwa linthumbu silifunsa kuti mnzake ndani.

Njiri anafika. Kubuula katatu kwa pamphuno. Ndime ya Ng'azi, phazi limodzi. Ndime ya Msulu, phazi lina. Ndime ya Mfuko. Ndime ya a Nungu, imene tsiku limeneli inali itatalika kuposa dzulo. Ndiyeno khu!

"Lumani!" analamula Sajeni.

Asilikali analuma. Koma m'mawa umenewo Njiri anali atadzera kumatope, ndipo matopewo anali ataumira kumbuyo kwake ngati chipupa cha nkhokwe. Analuma, analuma, osafika pa nyama. Potsiriza Sajeni anayenda pamsana pa Njiri mpaka pamphuno, akulavula dothi.

"Kodi inu ndinu nyama kapena chulu?"

"Ndine Bwana Mkulu. Mwalowera pati muno?"

"Ife timatsata fungo, bwana. Njira sitisunga."

"Amakulipirani ndani?"

"Palibe, bwana. Timangoluma."

"Kuluma kwaulere ndi kuononga mano. Kuyambira lero ndinu alonda a kampani. Muzilandira nyenyeswa zonse za pakhomo pano. Lamulo lanu ndi limodzi: aliyense wotuluka mu ofesi ino chothamanga ndi wakuba. Muzimuluma kaye, mafunso pambuyo."

"Aliyense, bwana?"

"Aliyense."

Madzulo a tsikulo bingu linagunda pafupi, phale linanjenjemera.

"Dzulo munamupatsa malonda," anatero Nangondo. "Lero mwamupatsa asilikali. Mawa mukampatse ine, ntchito ithe."

Mfuko anali kuganiza, ndipo poganizapo anayamba kung'ung'udza osadziwa.

"Inu bambo! Mukuimba nyimbo ya mdani wanu m'nyumba mwanga, ngati phale lino tingalitche nyumba?"

"Yandikakamira m'mutu. Kuimba amatha, chitsiru chimene chija."

"Ndiye kumapetoko imati chiyani, poti mukuikonda?"

Mfuko anayamba kufotokoza. Ndime yomaliza inkafanizira a Nungu ndi tsache lakutha limene eni nyumba amachita nalo manyazi kulitaya. Inkanena kuti pa msonkhano waukulu wa pachaka tsachelo lidzaponyedwa kudzala, Njiri adzatenga mpando wa komiti pamwamba pa wake, ndipo minga ya a Nungu adzaizula n'kuigulitsa kwa osoka matumba. Atafika pamenepo Mfuko anasiya kulankhula, kukamwa kuli yasa.

"Mayi," anatero, "masiku awiri ndakhala ndikulimbana ndi chikopa cha Njiri. Chikopa n'cholimba. Pofewa ndi pakamwa."

Popeza Mfuko analeredwa bwino, anayamba ndi njira yoongoka. Anapita kwa a Nungu, naodira, nawauza zonse monga anazimvera.

"Mfuko," anatero a Nungu, "nsanje yakukalambitsa. Mwana amene uja dzulo lomweli wandigwadira mpaka dzuwa kupendeka. Choka pakhomo panga ndisanaitane alonda."

Mfuko anachoka. Tsiku lonselo analowa m'kanjira kakumbuyo n'kukakulitsa ndi mano, dothi akulikankhira m'timipata tam'mbali kuti kunja kusaoneke kanthu. Anakakulitsa mokwanira kuti nyama yonenepa ilowe, koma osapitirira pamenepo. Ndipo m'mamawa kutacha anabwereranso kwa a Nungu, nkhope yake yachisoni.

"Wapampando, ndabwera kudzalapa. Dzulo ndinanama."

"Ndinadziwa."

"Nyimbo ilipodi, koma ndi yokutamandani. Akuikonzera msonkhano wa pachaka, ndipo amaiyeserera m'mawa uliwonse mu ofesi. Ndinachita nsanje chifukwa ine zaka zonse zija palibe anandipekerako nyimbo."

Minga ya a Nungu inagwedezeka pang'ono. "Yonditamanda? Imatchula chiyani?"

"Minga yanu, wapampando. Imanena za mtengo wake."

"Ndi yaitali?"

"Ndime yanu ndiyo yaitali kuposa zonse, ndipo imatalika tsiku ndi tsiku."

A Nungu anayenda uku ndi uku. Msonkhano wa pachaka unali kutali, sabata zitatu zathunthu. "Ndikamuuza kuti andiimbire lero?"

"Achita manyazi. Mukumudziwa mwana uja ndi ulemu wake. Koma pali kanjira kamene mungamvere iye osadziwa."

"Kanjira? Makomo akumbuyo tinaletsa mu msonkhano."

"Tinaletsa, wapampando. Ndiye n'koyenera kuti wapampando akaone yekha ngati lamulo linatsatidwa."

"Zimenezo ndiye za dongosolo," anatero a Nungu. "Tsogola."

Minga ya nungu imagona choloza kumbuyo. Polowa m'kanjira kopapatiza imatsetsereka bwinobwino, koma mwini wake akati abwerere, imabaya m'makoma. Mfuko ankadziwa zimenezi, poti anakumbirapo anungu ambiri. A Nungu anazizindikira ali pakati pa njira.

"Iwe Mfuko, nanga ndikafuna kubwerera?"

"Kotulukira ndi kutsogolo, wapampando. Limbikirani, mwatsala pang'ono."

Anafika m'chipinda ali wefuwefu. Mfuko anawalozera pakona. "Bisalani apa."

"Ine? Wapampando wa komiti, pakona? Mpando uli pati muno?"

"Uwo, koma ndi wa Bwana Mkulu."

"Pamene pali wapampando, mpando ndi wa wapampando. Kodi malamulo unaiwala msanga chotere?" Ndipo a Nungu anakwera pa mpando wadothi uja, nakhala bwinobwino, manja pamimba. Mfuko sanatsutse. Analowa m'kanjira kake, natulutsa khutu limodzi.

Kuwala kwa pakhomo kunatsekeka. Kubuula katatu kwa pamphuno. Ndime ya Ng'azi inayamba, ndi funso lake lija lakuti lero ali kuti, ndi kuseka, ndi phazi limodzi.

"Mawu ali nawo," ananong'ona a Nungu.

Ndime ya Msulu, phazi lina.

"Waona, Mfuko? Akuyamba ndi ang'onoang'ono. Akulu amatchulidwa kumapeto. Mwanayu dongosolo amalidziwa."

Ndime ya Mfuko, ya maso ndi phale. A Nungu anaseka chamumtima mpaka minga inachita phokoso, koma Njiri anali m'kati mwa nyimbo, sanamve. Tsopano matako ake anali atadzaza njira yonse, ndipo panatsala phazi limodzi.

Ndime yomaliza inayamba. Pa mawu a tsache lakutha, a Nungu anapendeketsa mutu, kuganiza kuti mwina sanamve bwino. Pa mawu a kudzala, manja anachoka pamimba. Tsiku limeneli Njiri anali ataonjezera zatsopano: nyimbo inalongosola mmene mkuluyo amawodzerera pa pemphero lotsegulira msonkhano, ndi mmene amavomerera chilichonse bola wonenayo agwade. Kenaka inafika pa osoka matumba.

A Nungu anayang'ana kanjira kamene analowera, nakumbukira kuti sangabwereremo. Anayang'ana kutsogolo, naona chimene chinali kubwera.

"Mwana wopanda mwambo ngati ameneyu," anatero a Nungu, "sindingamuyang'ane."

Anatembenuka pampandopo, namufulatira, ndipo minga yonse, yaitali ndi yaifupi yomwe, inaima njo.

Njiri anafunsa funso lake lomaliza, lakuti mawa tsachelo lidzakhala kuti. Anaseka. Anadziponya ndi thupi lonse.

Kukuwa kwake kunamveka mpaka pansi pa phale, kumene Nangondo anati, "Koma lero sanamukande." Munga wa nungu suona matope, suona chikopa. Njiri anatuluka mu ofesi ngati mwala wa pa legeni, mchira uli m'mwamba, kumbuyo kwake kuli minga yokwanira kusokera matumba a chaka chonse.

"Wakuba!" anakuwa Sajeni wa linthumbu. "Lumani!"

"Ndine bwana wanu! Ndine Bwana Mkulu!"

"Bwana wathu alibe minga. Ndiponso lamulo linati aliyense. Asilikali, siyani kumatopeko, lowani m'mphuno ndi m'makutu!"

Pamene izi zinkachitika, a Nungu anatulukira pa khomo lakutsogolo pang'onopang'ono, monga ayenera kuyendera mkulu, msana uli ndi dazi lalikulu. Khwangwala atawaona anayang'ana kumbali.

"Mlembi, itanani komiti. Msonkhano uyamba tsopano lino."

Msonkhanowo unatsegulidwa ndi pemphero, monga kuyenera, ndipo a Nungu sanawodzere. Anabweretsa Njiri, mphuno itatupa. Kukhala pansi sakanatha, choncho anagwada, ndipo ulendo uno anagwada ndi mtima wonse.

"Wapampando, kholo langa, ine ndine mwana..."

"Mlembi," anatero a Nungu, "tayang'anani pansi pa mphuno yakeyo. Pali udzu?"

Khwangwala anasuzumira. "Ulipo pang'ono, wapampando. Ine ndinkakayika kuyambira kale za ameneyu."

"Iwe khala chete, wachitedze iwe. Njiri, komiti ikufuna kumva nyimbo yako. Imba."

Njiri anati waiwala. Pamenepo Mfuko anatuluka mu una, nadzikonza pakhosi, nati iye akuikumbukira yonse. Anaiimba kuyambira pa kubuula katatu mpaka pa osoka matumba, osasiyako ndi liwu limodzi, ndipo Ng'azi ndi Msulu, amene anabwera atamva phokoso, ankavomereza ndime zawo. Pa funso lakuti lero ali kuti, ankayankha kuti ali pompano.

Chigamulo sichinachedwe. Njiri anachotsedwa, ndipo komiti inalamula kuti kampani isadzamukumbirenso una, iye ndi zidzukulu zake. Makomo akumbuyo atsegulidwe onse. Chitedze chichotsedwe kwaulere. Banja lililonse likhale ndi una wake, ndipo ogona choimirira akhale oyamba kukumbiridwa. Mfuko abwerere pa udindo wake ndi m'nyumba mwake.

Dontho loyamba la mvula linagwera pa dazi la a Nungu. Mfuko anatembenuka kuti athamangire ku phale.

"Taima," anatero a Nungu. "Msonkhano sunatsekedwe. Patsala mlandu umodzi. Iwe Mfuko unanamiza wapampando."

"Ndinayamba ndi zoona, wapampando. Munandithamangitsa."

"Zimenezo sizinalembedwe. Bodza ndi bodza, ngakhale litakupulumutsa. Unandilonjeza nyimbo yonditamanda, ndipo ine ndinakwawa m'dothi chifukwa cha nyimboyo. Ndikuifuna. Uipeke wekha, uziiimba m'mawa uliwonse kufikira minga yanga itamera."

"Nanga ikamera?"

"Komiti idzaonanso."

Mfuko anavomera, chifukwa mlandu unali woona. Anathamangira ku phale, natenga Nangondo, ndipo mvula itayamba kukhuthuka anali atalowa kale. Analowera pa khomo lakutsogolo, mitu patsogolo. Nangondo anaima pakati pa chipinda, nanunkhiza, nati, "Muli fungo la matope muno. Musese." Mfuko anasesa. Tsiku lomwelo kunabadwa ana anayi, opanda ubweya, pamalo ouma.

Nyimbo imene Mfuko anapeka inali yoipa ndithu, poti luso lake linali la mano, osati la pakhosi. Inkangobwereza kuti minga ndi yaitali, kuti ndi yambiri, ndiponso kuti ndi yaitali. Koma a Nungu ankabwera m'mawa uliwonse kudzaimva, n'kumagwedeza mutu, ndipo minga itamera komiti inaiwala kukambirana zoimitsa.

Njiri mpaka lero alibe una wakewake, amangobwereka osiyidwa ndi ena. Akathamanga, mchira umaima m'mwamba pokumbukira tsiku lija. Amagwadabe, koma aliyense amayamba wayang'ana pansi pa mphuno yake. Ndipo chifukwa chitsiru chimaphunzira theka lokha la phunziro, amalowabe chafutambuyo, kungoti masiku ano saimba.

Inu amene mwamva, munthu akakugwadirani muziona chimene chili pansi, ndipo polowa m'nyumba muzitsogoza maso. Nthano yanga yalowa mu una, ndipo ndatseka makomo onse awiri.